Aphunzitsi othandizira ku Chikwawa ndi Nsanje: momwe ntchito yayendera kuyambira Seputembala

Ntchitoyi ndi yoika mphunzitsi mmodzi wothandizira pa sukulu iliyonse ya pulayimale yomwe tagwirizana nayo m'chigwa cha Shire. Masukulu ena ali motsatira msewu wa M1, kuchokera ku Nchalo kudzera ku Ngabu mpaka ku Bangula, ena ali kutsidya, ku East Bank. Mphunzitsiyu alibe kalasi yakeyake. Amaona ana a sitandade 2 mpaka 4 omwe amabwera ku sukulu koma kuwerenga ndi masamu zikuwadutsa. Tinasankha makalasi amenewa chifukwa kuyambira sitandade 5 mabuku ambiri ali m'Chingerezi, ndipo mwana amene wafika kumeneko asanathe kuwerenga Chichewa amangokopera za pa bolodi mpaka tsiku lomwe adzaleke sukulu.

Seputembala

Tatenga aphunzitsi omwe anamaliza maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale (IPTE) ku koleji ya aphunzitsi (TTC) koma boma silinawalembe ntchito. Powafunsa mafunso sitinayang'ane magiredi okha. Tinafuna kudziwa ngati akumva Chisena kapena Chimang'anja, komanso ngati angafike pa sukulu pa njinga yakapalasa osawoloka mtsinje. Munthu wakumtunda amavomera mosavuta mu Seputembala, koma dzuwa la Okutobala likapitirira madigiri 40 mtima umabwerera kwawo. Nyumba za aphunzitsi nazonso n'zochepa, ndiye wa m'mudzi momwemo amatichotsera mtolo umodzi.

Maphunziro awo anali a masabata awiri ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'zoni amakumana pochita maphunziro. Sabata yoyamba inali ya kayesedwe ka ana, yachiwiri ya kaphunzitsidwe ka magulu ang'onoang'ono ndi kupanga zipangizo za TALULAR, zomwe ndi zophunzitsira zopangidwa ndi zinthu zopezeka m'deralo. Masiku awiri omaliza anawatenga mphunzitsi wa zaulumali amene anaphunzira ku Montfort Special Needs Education College ku Nguludi. Mfundo yake yaikulu inali yakuti mphunzitsi wothandizira satchula matenda. Amalemba zomwe waona n'kutumiza mwana kwa odziwa.

Chomwe chinadya nthawi kwambiri ndi pangano. Muyezo wa boma ndi ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi, koma m'makalasi a m'munsi kupeza ana oposa 100 si zachilendo. Ahedi akaona mphunzitsi wophunzira bwino ali pansi pa mtengo ndi ana 15, kwinaku sitandade 6 ikusokosera yopanda munthu, mayesero owalowetsa m'kalasimo amakhala aakulu, ndipo sitingawanene kuti ndi oipa mtima. Koma wothandizira akangogwira kalasi sabata imodzi, sabwereranso. N'chifukwa chake pa sukulu iliyonse ahedi, wapampando wa komiti ya sukulu, a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale m'zoni) ndi mphunzitsi mwini wake asayina pepala limodzi lonena zinthu zitatu: wothandizira sapatsidwa kalasi, nthawi ya magulu ilembedwe pa ndandanda wa maphunziro wa sukulu yonse, osati m'kope la mwini wake mokha, akafunika kugwirizira kalasi chifukwa cha maliro kapena matenda, lisapitirire tsiku limodzi pa sabata ndipo zilembedwe mu logi buku. A PEA akabwera amayamba kutsegula tsamba limenelo.

Okutobala

Mwezi wonse wapita ndi kuyesa ana, mmodzimmodzi, mphindi 5 kapena 6 mwana aliyense. Mndandanda wa mayina womwe aphunzitsi a m'kalasi amapereka timaulandira koma sitiudalira, pakuti mumalowa ana aphokoso, pomwe kamtsikana kachete ka pakona, kamene kamayendetsa milomo anzake akamawerenga mokweza, kamatsala. Choncho timayesa kalasi yonse.

Pepala loyesera lili ndi masitepe asanu: malembo 10, maphatikizo 10, mawu 10, ndime ya ziganizo zinayi, ndi kankhani ka mawu pafupifupi 60 kokhala ndi mafunso awiri. Timayambira pakati, pa mawu. Mwana akakhoza 8 mwa 10 akwera, akalephera atsika. Pomwe waimapo ndi pomwe timalemba. Kayesedwe kotere n'kofanana ndi ka njira ya Teaching at the Right Level yomwe bungwe la Pratham linayambitsa ku India, ya kugawa ana potengera zomwe akutha, osati kalasi yomwe ali. Mawu a pa pepalalo sitinawatenge m'mabuku a m'kalasi a National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, chifukwa ana ambiri anawaloweza pamtima. Alipo ana omwe amatha tsamba lonse bwinobwino buku lili chadodolido. Tili ndi mapepala atatu osiyana, kuti woyesedwa kale asakauze anzake pa mzere.

Pa masamu timaona ngati akuzindikira manambala 1 mpaka 9, kenako 10 mpaka 99, kenako kuphatikiza, kenako kuchotsera kobwereka. Ambiri amagwera pa kubwereka. Akapatsidwa 52 kuchotsa 17 amalemba 45, chifukwa achotsa 2 mu 7 poona kuti yaing'ono ndi imeneyo. Mwana wotere sakusowa nzeru, akusowa kudziwa kuti 5 uja akuimira mitolo isanu ya khumikhumi.

Chinenero chasokoneza zotsatira m'masukulu a ku Nsanje ndi kumunsi kwa Chikwawa. Mwana wa Chisena akaona mawu oti "zinthu" n'kunena kuti "pinthu", wawerenga ndipo wamva, wangowabweza m'chinenero cha kwawo. Talangiza kuti zoterezi zisawerengedwe ngati kulakwa pa sitepe ya ndime. Malangizo a mayeso aziperekedwa m'Chisena kwa mwana amene akuoneka kuti sakumva, ndipo mafunso a kankhani angathe kuyankha m'chinenero chomwe akufuna. Cholinga ndi kudziwa ngati wamva nkhaniyo. Ana angapo omwe pa mndandanda wa aphunzitsi analembedwa kuti "sayankhula" apezeka kuti kunja amacheza bwinobwino, amangoopa kusekedwa m'kalasi.

Aliyense amene wagwera pa malembo kapena maphatikizo timamuyesanso maso ndi makutu. Pa maso timagwiritsa tchati cha E, chopachikidwa pamalo owala koma osati moyang'anizana ndi dzuwa, mwana ataima mamita 6. Chingwe cha mamita 6 chili m'katundu wa mphunzitsi aliyense chifukwa kuyeza ndi mapazi kumasiyana munthu ndi munthu. Diso limodzi amatseka ndi chikhatho osalikanikiza, n'kumaloza ndi dzanja komwe miyendo ya E yaloza. Wolephera mzere wolembedwa 6/12 pa tchaticho timamulembera kalata yomutumiza kwa azaumoyo. Pa makutu, mphunzitsi amaima kumbuyo kwa mwana kutalika kwa mkono, khutu lina litatsekedwa, n'kunong'ona manambala atatu kuti mwanayo abwereze. Izi sizitheka nthawi yopuma chifukwa cha phokoso, ndipo woyesa asaime pomwe mwana angamuone milomo.

Makutu ndiwo atipatsa ntchito kuposa maso. Ana otuluka mafinya m'khutu alipo pa sukulu iliyonse, makamaka m'midzi ya m'mbali mwa Shire ndi dambo la Elephant Marsh, komwe kusamba ndi kusewera m'madzi ndi kwa tsiku ndi tsiku. Makolo ambiri sakuona ngati ndi matenda chifukwa khutulo silipweteka, ena amathiramo mafuta kapena madzi a masamba. Mwana wotere amamva mawu koma mbali zina zimamuthawa, moti "pala" ndi "phala", "kola" ndi "khola" kwa iye ndi chimodzimodzi. Kalata imapita kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, iye n'kutumiza ku chipatala chaching'ono. Ofunika kuyezedwa ndi makina amayenera kukafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo apa mpamene ambiri amaimira, chifukwa ndalama yoyendera ya mwana ndi womuperekeza palibe. Podikira, mwanayo amakhala kutsogolo, khutu labwino litaloza kwa aphunzitsi, ndipo aphunzitsi a m'kalasi tawapempha kuti asamafotokoze atayang'ana bolodi.

Zonse zitasonkhanitsidwa, chithunzi chake n'chakuti ana omwe ali ndi ulumali wofunika katswiri ndi ochepa. Gulu lalikulu ndi la ana omwe anajomba miyezi yathunthu ali mu sitandade 1 kapena 2, nthawi yomwe anzawo ankaphunzira maliwu a malembo. Ena mwa omwe ali m'makalasi apakati lero anayamba sukulu m'zaka za namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, pomwe zipinda zambiri zophunziriramo zinasanduka misasa. Anakwera kalasi, koma dzenje lija linatsala.

Novembala

Magulu ayamba. Gulu limodzi lisapitirire ana 15, mphindi 40, masiku anayi pa sabata. Lachisanu mphunzitsi amalemba kaundula, kukonza makadi ndi kuyendera makolo a ana ojomba. Mphunzitsi mmodzi akhoza kutenga magulu anayi pa tsiku, ndiye kuti ana 60 pa nthawi imodzi. Pomwe ofunika thandizo ndi ochuluka kuposa pamenepo, tayamba ndi sitandade 4 ndi 3 chifukwa nthawi yawo yatsala pang'ono. A sitandade 2 adikira.

Mayina a magulu ndi a mitengo: Mlambe, Msangu, Bwemba. Pa sukulu ina magulu atangolembedwa manambala, sabata isanathe ana anali atawatcha kale "kalasi ya mbuli", ndipo anyamata akuluakulu a zaka 13 ndi 14 omwe ali mu sitandade 3 anasiya kubwera. Akuluakuluwa tsopano ali ndi gulu lawo, ngakhale sitepe yawo ikufanana ndi ya tiana ta zaka 8. Ndi nkhani ya manyazi, ndipo siithetsedwa ndi kuwalalatira.

Nthawi ya phunziro ndi yomwe yavuta. Maganizo oyamba anali oti magulu azikumana ana akaweruka, popeza zipinda za a sitandade 1 ndi 2 zimakhala zopanda anthu. M'chigwa muno mu Novembala zimenezo sizingatheke. Ikamakwana 12 koloko chipinda cha malata chosakhala ndi siling'i chimakhala ngati ng'anjo, ana amasinza, ndipo phala lomwe anamwa m'mawa linatha kalekale m'mimba. Tasamutsira magulu onse m'mawa. Loyamba limakumana 6:45, ana akangolandira phala, belu lisanalire. Atatu otsalawo amatuluka m'kalasi nthawi ya maphunziro, koma osati pa Chichewa, Chingerezi kapena masamu, chifukwa kumeneko kungakhale kumulanda mwana chomwe tikufuna kumupatsa. Amatuluka pa maphunziro enawo mosinthasintha, kuti asamaphonye phunziro limodzi lomwelomwelo masiku onse. Aphunzitsi ena sanakondwe nazo, ndipo ali ndi mfundo.

Mphindi 40 zija zimagawidwa chonchi. Zisanu zoyamba ndi zocheza pa chithunzi kapena nthano yaifupi, m'chinenero chilichonse. Khumi ndi za lembo kapena phatikizo latsopano: kulimva, kulitchula, kulilemba m'malere, kulilemba pamchenga. Khumi zina ndi zolumikiza makadi kupanga mawu, awiriawiri. Khumi ndi zolemba pa sileti zomwe mphunzitsi akutchula. Zisanu zomaliza aliyense amawerenga yekha kamzere kamodzi mokweza. Kuwerenga kwa onse pamodzi taletsa m'magulu, chifukwa ndi komwe kunabisa anawa zaka ziwiri. Malembo timayamba ndi a, n, i, k, u, m, e, t, o, ndondomeko yomwe aphunzitsi ambiri amaikumbukira kuti "anikumeto", popeza pakutha pa sabata ziwiri mwana amatha kupanga mawu enieni monga "ana", "ine", "moto", "mutu", "meta". Maphatikizo osavuta monga "ma" ndi "ni" ana amawagwira msanga. Ana amakakamira pa mb, nd, nkh, mph, nth, ntch, ndi kusiyanitsa ng ya "ngoma" ndi ng' ya "ng'ombe". Pamenepa phatikizo limodzi limafuna masiku awiri, ndipo mphunzitsi wothamangira kumaliza ndondomeko amapezeka mu Disembala ali ndi gulu lomwe likungoyerekeza. Osokoneza b ndi d sitiwaphunzitsa malembo awiriwo sabata imodzi.

Katundu wa mphunzitsi aliyense ndi masileti 15, bokosi la choko, makadi a malembo maseti 8 odulidwa ku makatoni n'kukutidwa ndi selotepi, tchati cha maphatikizo cholembedwa pa thumba la ufa, timitengo 200 ndi timalabala tomangira mitolo, zitsekerero za mabotolo, tchati cha E, chingwe chija, mkeka, ndi kaundula wachikuto cholimba. Makadi osakutidwa satha mwezi m'manja mwa thukuta. Makatoni osiyidwa pansi chiswe chimamaliza kumapeto kwa sabata imodzi.

Ana achialubino akhale kutsogolo koma kuwala kwa zenera kusawalase m'maso, chipewa avale ngakhale m'kalasi, ndipo makadi awo ndi a malembo aakulu olembedwa ndi maka wakuda pa pepala loyera. Gulu lomwe muli mwana wotere lisakumane pansi pa mtengo wa mthunzi wang'ambang'amba, ndipo gulu la 6:45 lisamuchititse kuyenda yekha m'bandakucha. Za khunyu taphunzitsa aphunzitsi onse a pa sukulu, osati wothandizira yekha: kumugoneka cham'mbali, kuchotsa zomwe zingamuvulaze, osamuika kanthu m'kamwa, kuona nthawi, ndipo zikapitirira mphindi 5 kuthamangira naye ku chipatala. Anzake auzidwe kuti khunyu si matenda opatsirana. Mankhwala ena a khunyu amagonetsa, ndiye mwana wosinza m'mawa asafulumire kutchedwa waulesi. Amayi a Mother Group, gulu la amayi a m'mudzi lothandiza pa sukulu, ndi omwe akufunsa kunyumba ngati mwanayo akumwa mankhwala tsiku lililonse komanso ngati akuwoloka madzi ali yekha.

Disembala

Tayesanso ana onse a m'magulu ndi pepala lina. Okwera sitepe asamutsidwa. Mwana amatuluka m'gulu akawerenga ndime osalakwitsa koposa kawiri, pa mapepala awiri osiyana, ndipo amadzaonedwanso pakatha mwezi. Teremu isanatseke, katundu yense walowa m'zidebe zapulasitiki za malita 20 zotsekera, n'kupachikidwa ku mitanda ya denga la ofesi.

Januwale ndi Febuluwale

Teremu yachiwiri m'chigwa muno siiwerengedwa ngati teremu yathunthu, ndipo ndondomeko yathu inaikiratu ntchito yolemera mu teremu yoyamba pa chifukwa chimenechi. Ku East Bank mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imadzaza mwadzidzidzi ngakhale kuno kusanagwe dontho, ndipo makolo salola ana aang'ono kuwoloka. Akulondola. Gulu la 6:45 taliimitsa m'masukulu onse omwe ana amawoloka, chifukwa linkawakakamiza kunyamuka madzi asanaoneke bwino.

Kuyendera masukulu nako kwasokonekera. Njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo inaduka mu 1997, ndipo chiyambire madzi osefukira a Januwale 2015 dera la Makhanga ku East Bank limafikika movuta. Wochokera ku Nsanje boma ayenera kukwera bwato, apo ayi azungulire ku Thabwa n'kutsika ndi msewu wa East Bank, ulendo wa tsiku lathunthu ngati milatho ili bwino. M'malo modikira woyendera, mphunzitsi aliyense amajambula tsamba la kaundula Lachisanu n'kutumiza pa WhatsApp. Izi zikuthandiza pawiri: woyang'anira amaona msanga sukulu yomwe magulu sanakumane, ndipo kaundula akanyowa zolembedwa sizitayika. Komwe netiweki imavuta, zithunzi zimabwera tsiku la msika.

Mwana aliyense wapatsidwa kakhadi kake kolembedwa dzina, sitepe yomwe ali, malembo omwe akudziwa, ndi za maso kapena makutu ngati zilipo. Amakasunga m'kajumbo pamodzi ndi buku la kuchipatala, chifukwa ndi chinthu chomwe mayi sasiya pothawa madzi. Banja likasamukira kumtunda kapena ku msasa, mphunzitsi wa kumeneko sayambiranso kuyesa. Komwe zipinda zapatsidwa kwa mabanja othawa madzi, magulu akupitirira pa mkeka panja, ndipo tavomereza kuti ana a mu msasa omwe si a sukuluyo alowe nawo, bola chiwerengero chisapitirire 20.

Njala yachotsa ana ambiri kuposa madzi. Ena ali ku ganyu ndi makolo awo, ena akukazula nyika m'madambo. Masiku omwe phala lasowa, magulu amakhala theka. Lamulo lomwe taika n'lakuti mwana akajomba masiku atatu otsatizana, dzina lake lipite kwa amayi a Mother Group, ndipo akajomba sabata ziwiri nkhani ifike kwa anyakwawa. Wobwerera sakalipiridwa ndipo sachotsedwa m'gulu. Amayesedwa mphindi ziwiri n'kubwezedwa pomwe waimapo, nthawi zambiri sitepe imodzi m'mbuyo. M'miyezi iwiriyi aphunzitsi tawauza kuti asathamangire maphatikizo atsopano, azibwereza akale.

Pangano la mu Seputembala layesedwa kwambiri nyengo ino. Aphunzitsi okhala kutali akalephera kufika chifukwa cha matope, wothandizira, pokhala wa m'mudzi momwemo, ndiye amapezeka pa sukulu. Logi buku ikusonyeza kuti m'masukulu angapo tsiku limodzi lija lasanduka atatu. Komwe ahedi ndi achiwiri awo amalowa okha m'kalasi, kapena kuphatikiza makalasi awiri apamwamba, magulu apulumuka. Komwe sizinatero, ana a m'magulu abwerera m'mbuyo mooneka, ngakhale omwe sanajombe. Takambirana ndi a PEA kuti wothandizira akagwirizira kalasi, gulu limodzi, la ana a pa malembo, lizikumanabe tsiku limenelo zivute zitani.

Malichi

Kuyesa kwachitatu kwachitika. Ana omwe sanasunthe pa malembo kuyambira Novembala, chikhalirecho sanajombe ndipo maso ndi makutu zili bwino, mayina awo apita kwa mphunzitsi wa zaulumali. Iye amakhala ndi mwana, kholo ndi mphunzitsi wa m'kalasi n'kulemba ndondomeko ya mwanayo payekha, ya zolinga ziwiri kapena zitatu zokha pa teremu, monga kulemba dzina lake ndi kuwerenga zinthu mpaka 10. Katswiriyu ndi mmodzi pa masukulu ambiri, ndiye tasanja mayina kuti ulendo umodzi aone ana a masukulu awiri oyandikana. Kwa ana osaona kapena osamva kwenikweni, makolo tawafotokozera za sukulu ya Lulwe ku Nsanje komwe kuli maphunziro a Braille (zilembo zomwe osaona amawerenga ndi zala), ndi ya Mountain View ku Bvumbwe ya ana osamva. Chisankho ndi chawo. Ena akukana kutumiza mwana wa zaka 8 kukagonera kutali, ndipo amenewo tipitiriza kuwathandiza pa sukulu yawo momwe tingathere.

Mu teremu yachitatu, malo omwe atsala ndi ana otuluka m'magulu apita kwa a sitandade 2. Gulu la 6:45 libwerera mitsinje ikaphwera. Tikuyembekezera kujomba kwina mapira akamacha, ana akamakaingitsa mbalame, komanso nthawi yotola thonje, ndiye makomiti a sukulu akambirane ndi makolo teremu isanatsegulidwe. Wothandizira aziloweranso m'kalasi ya sitandade 2 phunziro limodzi la Chichewa pa sabata, kuti mphunzitsi wa m'kalasimo aone kagwiritsidwe ntchito ka makadi ndi kuwerengetsa mmodzimmodzi.

Nkhani yomwe sinathe ndi ya aphunzitsi eni ake. Boma likatulutsa mayina a olembedwa ntchito, athu ena adzapita, ndipo ndi ufulu wawo. Pa zoni iliyonse tikufuna anthu awiri ophunzitsidwa kale okhala pa mndandanda wodikira, ndipo wochoka asiye kaundula, makadi a ana ndi chidebe kwa ahedi pamaso pa wapampando wa komiti. Maphunziro a odikirawo aikidwa pa tchuthi cha Epulo, ku TDC ziwiri, ina tsidya lino, ina ku East Bank, kuti pasakhale wowoloka Shire.